Mwana akatentha thupi usiku

Dzuwa lisanatuluke n'komwe, amayi afika kale.

Ena akhala pamphasa, ena pamizu ya mtengo wa mango, ana ali kumsana. Ndi mu February, chimanga chikumasula, mvula yagwa usiku wonse, ndipo palibe phazi lopanda matope.

Chipatala chake n'chimenechi: khonde la nyumba ya mlangizi wa zaumoyo, tebulo limodzi, ndowa ya madzi osamba m'manja ndi bokosi lathabwa la mankhwala. Bokosilo lili ndi maloko awiri. Kiyi wina amasunga mlangiziyo, wina ali ndi membala wa komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, kuti pasakhale wotsekula ali yekha.

Mayi woyamba amasula chitenje n'kukhazika mwana pamiyendo. Ndi kamnyamata ka zaka ziwiri, maso ofooka, milomo youma.

"Wayamba liti, mayi?"

"Dzana, adokotala. Thupi moto. Ndi malungo amenewa."

Mlangizi sakutsutsa, komanso sakuthamangira kasingano. Wakweza malaya a mwana, waika kawotchi patebulo, n'kuyamba kuwerenga mmene chifuwa chikukwerera ndi kutsika. Amayamba ndi zimenezi dala. Mwana akabayidwa chala amalira, ndipo wolira sungamuwerenge kapumidwe.

Mphindi imodzi yatha. Mwana wapuma kupitirira ka 50.

Kenako chala. Kadontho ka magazi pa kapulasitiki koyezera, timadontho ta mankhwala, n'kudikira mphindi 15 kapena 20. Mzere watuluka umodzi wokha.

Malungo palibe.

Nkhope ya mayiyo sikuonetsa kukondwa. Anaponda matope onsewa akuyembekeza LA, mankhwala a malungo, koma akumva kuti mwana ali ndi chibayo ndipo mankhwala ake ndi amoxicillin. Mwana wa chaka chimodzi mpaka zinayi akamapuma ka 40 kapena kupitirira pa mphindi, uku akutsokomola, buku la mlangizi limati chimenecho ndi chibayo. Kwa wa miyezi iwiri mpaka 11 malire ake ndi 50.

Mayiyo walandira mankhwala. Koma maso ake akuoneka kuti sanakhutire.

Khomo limodzi, matenda ambiri

Chimene chimavuta pa matenda a ana n'chakuti pafupifupi onse amayamba mofanana. Malungo amatenthetsa thupi. Chibayo chimodzimodzi. Taifodi, chikuku, matenda oumitsa khosi, khutu lotuluka mafinya, ngakhale chimfine chimene chingathe chokha, zonse zimayamba ndi mwana wotentha amene wakana bere kapena phala.

Mwana wamng'ono sanganene pamene pakupweteka. Amangolira.

Kwa zaka zambiri yankho la zipatala m'Malawi linali limodzi: watentha thupi, mupatseni mankhwala a malungo. Sikunali kupusa. Makina oonera tizilombo m'magazi anali m'zipatala zochepa, malungo anali paliponse, ndipo chloroquine anali wotchipa kwambiri. Kunali bwino kumwetsa ana khumi mankhwala osafunika kusiyana n'kutaya mmodzi.

Koma tizilombo tinazolowera. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ana ankamwa chloroquine koma n'kubwereranso kuchipatala magazi atachepa. Mu 1993 Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kutenga Fansidar monga mankhwala oyamba a malungo. Fansidar nayenso anafooka, ndipo mu 2007 m'malo mwake munalowa LA. Lero Fansidar anangotsala wa amayi oyembekezera kusikelo.

Pali chodabwitsa china pano. Kafukufuku amene anachitika ku Blantyre n'kusindikizidwa mu 2006 anapeza kuti chloroquine, atakhala zaka 12 osagwiritsidwa ntchito, anayambanso kuchiza ana 99 mwa 100 alionse. Tizilombo tosamva mankhwalawo tinatha tokha mankhwala atachoka. Mankhwala amaonongeka ndi kamwedwe kathu, ndipo phunziro limeneli linachokera kwathu kuno.

N'chifukwa chake LA sanafune kumusiya kuti aziperekedwa mwachisawawa. Kuyambira 2011 zipatala za boma zinayamba kugwiritsa ntchito tizipangizo toyezera malungo mwachangu, ndipo pambuyo pake tinafika m'manja mwa alangizi a zaumoyo m'midzi. Lamulo linasintha: yeza kaye.

Malungo enieniwo achepanso. Kafukufuku wa m'makomo anapeza tizilombo ta malungo mwa ana 43 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu mu 2010. Mu 2017 anali 24. Malungo akamachepa, ndiye kuti ana ambiri otentha thupi akudwala zina. Amene akungomwetsa LA mosayeza akuchiza nthenda imene mwana alibe, uku imene ali nayo ikukula.

Usiku woyamba

Komabe nkhani yeniyeni siyambira pakhonde la mlangizi. Imayambira m'nyumba, pakati pa usiku, mayi akakhudza mphumi ya mwana.

Choyamba n'kufufuza Panado. Akapanda kupezeka m'nyumba, m'mawa amakagula pagolosale, kumuphwanya pakati, kusungunula pa supuni. Thupi limazizira, mwana amasewerako pang'ono, ndipo aliyense amati wapeza bwino. Madzulo moto uja umabwerera.

Tsiku latha.

Ndiye pamabwera akuluakulu ndi maganizo awo. Wina amati ndi mano akumera. Wina amati ndi mauka, vuto lili mwa mayi, akaonedwe ndi azamba. Wina amapapasa kumanzere kwa mimba, n'kupeza kapamba watupa, n'kunena kuti pafunika kutemera mphini. Kapambayo watupadi, agogo sananame. Chimene chamutupitsa kawirikawiri ndi malungo obwerezabwereza, ndipo lumo silifika kumeneko.

Mwana akayamba kukomoka, miyendo n'kuuma, maso n'kutembenuka, mpamene ena amanena kuti izi si zachipatala. Pa nthawi imene mwana akufunikira jakisoni kuposa kale lonse, njira imakhotera kwina.

N'kosavuta kuimba mlandu makolo. Koma muone mbali inayo. Chipatala chili kutali, mtsinje wadzaza, wa kabaza akufuna ndalama zimene mu February palibe ali nazo. Kumunda kukudikira. Mayi sangangonyamuka bambo asanavomere, ndipo nthawi zina bamboyo ali ku Joni. Mwina ulendo watha anayenda mtunda wonsewo n'kuuzidwa kuti mankhwala atha, akagule. Munthu wotere akadikira tsiku limodzi, si umbuli ayi. Wawerengetsera.

Vuto n'lakuti kachilombo ka Plasmodium falciparum sikadikira. Kamaswana m'magazi pa maola 48 alionse, ndipo ulendo uliwonse tizilombo timatuluka tochuluka kangapo. Mwana amene Lolemba amangofunika LA wa masiku atatu, Lachinayi angafunike magazi.

Zipatala za m'midzi, zimene zinayamba cha mu 2008 m'madera ovuta kufikako, anazikhazikitsa kuti zidule mtunda umenewu. Mlangizi amathandiza ana a miyezi iwiri mpaka zaka zosakwana zisanu: LA wa malungo, amoxicillin wa chibayo, Thanzi ORS ndi zinc kwa wotsegula m'mimba. Koma ntchito yake yaikulu ndi kuzindikira mwana amene sangathe kumuthandiza. Wolephera kuyamwa kapena kumwa, wosanza chilichonse, wokomoka, wolefuka osadzuka, wopuma nthiti zikulowa m'kati. Ameneyo salandira mapiritsi. Amalandira kalata yopita kuchipatala chachikulu, pompopompo.

Mwana wotere akamaganiziridwa malungo aakulu, pali kamankhwala ka artesunate koika kumatako asananyamuke. Kamachepetsa tizilombo kuti mwana afike wamoyo. Ku Serenje m'dziko la Zambia, kumene kamankhwalaka anakaphatikiza ndi njinga zonyamulira odwala, imfa zinatsika kwambiri. Koma kafukufuku wa ku Nigeria, Uganda ndi Democratic Republic of Congo anaonetsa mbali ina: kumene ana sankafika kuchipatala kapena sankamaliza mankhwala, phindu silinaoneke. Mwana akatsegula maso panjira, makolo ena amabwerera kunyumba.

Kamankhwalako sikachiza. Kamangogula nthawi.

Pakhomo la Gulupu

Kuchipatala cha Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre, chimene ambiri amati Gulupu, mwana wodwalitsa sayima pamzere.

Sizinali choncho kale. M'zipatala zambiri wobwera koyamba ankaonedwa koyamba, ndipo mwana ankatha kutsirizika kumsana kwa mayi ake ali pabenchi, kutsogolo kuli wa chipere. Mu 2001 gulu la madokotala a ana motsogozedwa ndi Elizabeth Molyneux linakonzanso malo olandirira ana odwala. Namwino amayang'ana mwana aliyense akangofika: akupuma bwanji, manja ndi ozizira kodi, akudziwa anthu, wataya madzi? Wa pangozi amapita kutsogolo.

Imfa za ana ogonekedwa zinatsika kuchoka pa 10 mpaka 18 mwa 100 alionse kufika pa 6 mpaka 8. Panalibe mankhwala atsopano. Anasintha malo olandirira odwala ndi kaimidwe ka mzere, n'kuphunzitsa anthu. Njira imeneyi, yotchedwa ETAT, bungwe la WHO linaitenga ndipo imaphunzitsidwa m'mayiko ambiri.

M'chipatala chomwechi muli wodi imene dziko lonse laphunziramo za malungo a mu ubongo.

Kuyambira 1986, dokotala wa ku America Terrie Taylor ankabwera ku Blantyre nyengo ya mvula, kugwira ntchito ndi Malcolm Molyneux ndi madokotala a kuno. Funso lawo linali losavuta kufunsa. Mwana amene dzulo ankasewera, lero wagona osadziwa kanthu: n'chiyani chikumupha?

Anayamba ndi muyeso. Mu 1989 iwo pamodzi ndi Jack Wirima ndi Angela Borgstein anasindikiza njira yoyezera kukomoka kwa mwana amene sanayambe kulankhula. Kodi maso ake akutsatira nkhope ya mayi ake? Ukamutsina, akukankha dzanja lako, akungokoka mkono, kapena ali duu? Akulira bwanji? Zonse pamodzi zimapereka malikisi kuyambira 0 mpaka 5, ndipo wopeza 2 kapena kucheperapo ali chikomokere. Muyesowo umatchedwa Blantyre Coma Score. Dokotala wa ku Ghana kapena ku Papua New Guinea akamaugwiritsa ntchito amatchula dzina la mzinda wathu.

Chimene tizilombo timachita chinkadziwika pang'ono. Timalowa m'maselo ofiira a magazi, ndipo maselowo amayamba kumata. M'malo moyenda, amakakamira m'mbali mwa timitsempha ting'onoting'ono ta mu ubongo ngati nkhoko mumphika wa nsima. Magazi amayenda movutikira.

Koma kuti aone zimenezi ndi maso, anafunika kupempha chinthu chovuta kwambiri: kuti makolo amene angotaya mwana alole thupi lake lipimidwe lisanapite kumudzi. Aliyense wodziwa mmene timalemekezera maliro akudziwa kulemera kwa pempho limeneli. Mabanja ena anakana. Ena analola, ndipo dziko lili nawo ngongole ngakhale silidzawadziwa mayina.

Zotsatira zake zinatuluka mu 2004. Mwa ana 31 amene madokotala ankakhulupirira kuti afa ndi malungo a mu ubongo, 7 anafa ndi matenda ena. Tizilombo ta malungo m'magazi mwawo tinalimo ndithu, koma sindito tinawapha.

Taganizirani. Awa anali akatswiri, pachipatala chachikulu, atayeza magazi. Pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi anamuphonya. Kumene udzudzu uli wambiri, ana ochuluka amayenda ndi tizilombo m'magazi osadwala. Akagwidwa ndi nthenda ina, kachipangizo kamaonetsabe mizere iwiri. Kamathanso kuonetsa mizere iwiri kwa masabata angapo mwana atachira kale. Choncho mizere iwiri siitseka nkhani, monganso mzere umodzi sutanthauza kuti mwana ali bwino.

Nanga angasiyanitse bwanji mwana akadali moyo? Yankho linapezeka m'diso. Dokotala wa maso Susan Lewallen, akugwira ntchito ku Blantyre, anaona kuti kumbuyo kwa diso la mwana wa malungo a mu ubongo kumakhala timadontho toyera, timitsempha tosintha mtundu ndi timagazi totuluka. Timitsempha ta m'diso ndi tofanana ndi ta mu ubongo. Ukaunika m'diso ukuona zimene zikuchitika m'mutu. Diso likakhala loyera, dokotala amadziwa kuti afufuzenso kwina.

Funso lomaliza linadikira mpaka makina a MRI atafika pachipatalachi mu 2008. Karl Seydel, Sam Kampondeni ndi anzawo anajambula ubongo wa ana 168. Ana 25 anamwalira, ndipo 21 mwa iwo ubongo wawo unali utatupa kwambiri. Mwa opulumuka, otupa choncho anali 27 pa 100 alionse, ndipo mwa ojambulidwa kachiwiri kutupako kunali kukuphwa. Chigaza sichitanuka. Ubongo ukatupa umapanikiza tsinde lake, pamene pamachokera ulamuliro wa kupuma, ndipo mwana amasiya kupuma mtima ukadagunda. Zimenezi zinasindikizidwa mu 2015.

Amene adzuka si onse amabwerera mwakale. Kafukufuku wotsatira ana opulumuka ku Blantyre anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu anatsala ndi khunyu, kupunduka kapena kusintha khalidwe. Mwana wotere akamakanika kukhazikika m'kalasi, aphunzitsi amati ndi wamwano. Palibe amakumbukira masiku atatu amene anagona chikomokere ali ndi zaka zitatu.

Jakisoni ndi magazi

Mankhwala a malungo aakulu anali kwinini wa mudiripi kwa zaka zambiri. Ndi wovuta: amafunika kudontha pang'onopang'ono kwa maola, ndipo amatsitsa shuga m'magazi, amene mwa mwana wodwalitsa amakhala wotsika kale. Mu 2010 kafukufuku wa ana oposa 5,400 m'mayiko 9 a mu Africa, kuphatikizapo Mozambique ndi Tanzania, anayerekeza kwinini ndi jakisoni wa artesunate. Mwa olandira kwinini anamwalira 10.9 pa 100 alionse, mwa olandira artesunate 8.5. Lero artesunate ndiye woyamba, ndipo mwana akayamba kumeza amamalizira ndi LA.

LA weniweniyo ali ndi malamulo ake amene amaphwanyidwa tsiku ndi tsiku. Amamwedwa kasanu n'kamodzi m'masiku atatu, wachiwiri patatha maola 8, ndipo amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi chakudya kapena mkaka wa m'mawere. Kuchuluka kwa mapiritsi kumatsatira sikelo ya mwana. Koma tsiku lachiwiri mwana akayamba kuthamanga, otsalawo amasungidwa mumphika kudikira mng'ono wake.

Si ana onse amene malungo amawapha amafa ndi ubongo. Ena amafa magazi atatha. Mukatambasula chikhatho cha mwana n'kupeza chayera mbee, mukatsitsa chikope n'kupeza mulibe kufiira, ameneyo mapiritsi okha sangamudzutse. Ndipo pano pali tsoka la kalendala. Gawo lalikulu la magazi amene bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limatolera limachokera kwa ophunzira. Sukulu zimatsekera mu December, mwezi umene mvula yayamba ndipo udzudzu ukuswana.

Mzere ukatuluka umodzi

Tsono mwana amene alibe malungo n'kumuchita chiyani?

Apa mpamene chipatala chaching'ono chimasowa chogwira. Kachipangizo koyezera malungo kalipo, koma koyezera matenda ena onse palibe. Wachipatala ali ndi anthu ambirimbiri panja, ndipo mayi ali patsogolo pake sakufuna kubwerera chimanjamanja. Chapafupi n'kulemba Bactrim kapena amoxicillin. Zimene tinkachita ndi chloroquine tayamba kuchita ndi mankhwala opha mabakiteriya.

Zotsatira zikuoneka kale. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome Programme akhala akupima magazi a odwala ku Blantyre kuyambira 1998. Anapeza kuti mwa mabakiteriya a Klebsiella, amene amapha makanda ambiri, osamva mankhwala a gulu la ceftriaxone anakwera kuchoka pa 12 mwa 100 alionse mu 2003 kufika pa 90 mu 2016. Ceftriaxone ndiye jakisoni amene zipatala zathu zimadalira. Kuseri kwake kuli mankhwala odula amene sapezeka wamba.

Taifodi nayenso anadzuka. Kuyambira cha mu 2011 odwala anachuluka mu Blantyre, ndipo mtundu umene unafala sunkamva mankhwala akale. Amayamba ngati malungo, kutentha thupi kosatha, ndipo akachedwa amaboola matumbo a mwana. Amachokera m'madzi ndi chakudya chodetsedwa ndi chimbudzi. Aliyense amene anaona mmene mtsinje wa Nasolo umaonekera ukamadutsa mu Ndirande sangadabwe.

Chibayo chachikulu chimafuna chinthu chimene mapiritsi sapereka: okosijeni. Makina opangira okosijeni amafuna magetsi osazima. Makina a Pumani, othandiza makanda kupuma, anapangidwa ndi Rice University ya ku America mogwirizana ndi madokotala a ku Gulupu pogwiritsa ntchito timapampu ta m'mabokosi owetera nsomba, ndipo anafalikira m'zipatala za maboma. Koma nawonso magetsi akazima amaima.

Si zonse zooneka zanzeru zimene zimagwira. Ambiri ankakhulupirira kuti mbaula zosatulutsa utsi wambiri zichepetsa chibayo mwa ana. Anayesa ku Chikwawa ndi ku Karonga pa ana oposa 10,000. Chibayo sichinatsike. Utsi wa m'mudzi suchokera kukhitchini kokha.

Chimene chagwiradi

Chimene chagwira popanda kukayika ndi katemera.

Mu November 2011 Malawi linayamba kupereka katemera wa mabakiteriya a pneumococcus, oyambitsa chibayo ndi matenda oumitsa khosi. Mu October 2012 kunabwera wa rotavirus, wodonthezera m'kamwa, woteteza ku kutsegula m'mimba koopsa kwa makanda. Katemera wa taifodi anayesedwa pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa kuyambira 2018, n'kupezeka kuti amateteza pafupifupi 8 mwa 10 alionse, ndipo mu May 2023 anaperekedwa dziko lonse.

Pa 23 April 2019, Malawi linakhala dziko loyamba padziko lapansi kupereka katemera wa malungo, RTS,S, kudzera kusikelo. Ghana ndi Kenya anatsatira. Anayambira m'maboma 11: Karonga, Nkhata Bay, Ntchisi, Mchinji, Lilongwe, Balaka, Mangochi, Machinga, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje. Mu October 2021 bungwe la WHO linavomereza kuti afalikire.

Katemerayu si wamphamvu ngati wa chikuku. Amachepetsa malungo ndi magawo pafupifupi 4 mwa 10. Ena anamunyoza chifukwa cha chimenechi. Koma m'mayiko atatu aja, kumene anaperekedwa, imfa za ana a msinkhu wolandira katemerayu zinatsika ndi 13 pa 100 alionse. Nthenda ikakhala yofala chonchi, ngakhale chitetezo chapakatikati chimapulumutsa ambiri.

Vuto lake lili pa ulendo wachinayi. Mwana amabayidwa ali ndi miyezi 5, 6 ndi 7, kenako 22. Atatu oyambawo amagwirizana ndi nthawi imene mayi amapita kusikelo mwezi ndi mwezi. Pofika miyezi 22 mwana akuyenda yekha, mayi mwina ali ndi pakati pena, ndipo kabuku kakusikelo kali pansi pa sutikesi. Ambiri samaliza, ndipo mphamvu ya katemera imazilala.

Masikito nawo ali ndi nkhani yawo. Mankhwala amene ankanyikidwa m'masikito akale udzudzu unawazolowera, makamaka wa mtundu wa Anopheles funestus umene wadzaza m'mphepete mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire. N'chifukwa chake amene akugawidwa tsopano ali ndi mankhwala owonjezera. Za anthu amene amaphera usipa kapena kutchingira dimba ndi masikito zanenedwa mokwanira, ndipo n'zoona. Zimene sizinenedwa kawirikawiri n'zakuti m'nyumba ya chipinda chimodzi, ana asanu akugona pamphasa pansi, masikito amodzi sakwana, ndipo ukawamanga madzulo uyenera kuwamasula m'mawa kuti anthu apeze podutsa. Ana a sukulu ndiwo amatsala kunja kwa masikito, ndipo ndiwo amasunga tizilombo timene udzudzu umatenga n'kukapatsa khanda.

Zonsezi pamodzi zabala zipatso. Mu 1992, mwa ana 1,000 obadwa amoyo m'Malawi, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anapeza 63. Mayiko ochepa osauka ngati lathu anatsitsa imfa za ana mofulumira choncho.

Koma nthenda imene yachoka sikuti yatsanzika. Mu February 2022 boma linalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, patatha zaka 30 nthendayi isanaonekenso m'dziko muno. Kachilomboko kanachokera ku Pakistan. Chaka chomwecho kunabuka kolera amene anafika mpaka 2023 n'kukhala woopsa kuposa wina aliyense m'mbiri ya dziko lino.

Za mawa

Boma linalonjeza kuthetsa malungo pofika 2030. Padziko lonse, bungwe la WHO linati malungo anapha anthu pafupifupi 597,000 mu 2023, ochuluka zedi mu Africa, ndipo mwa a mu Africa atatu mwa anayi alionse anali ana osakwana zaka zisanu.

Zinthu ziwiri zikudetsa nkhawa amene amatsatira nkhaniyi.

Choyamba ndi LA. Tizilombo tochedwa kufa ndi artemisinin, mankhwala amene ali mtima wa LA ndi wa jakisoni wa artesunate, tatsimikizika ku Rwanda, Uganda, Eritrea ndi Tanzania. Tanzania ndi tsidya lina la Songwe, ndipo mabasi amaoloka tsiku lililonse. Mu 1993 panali Fansidar wodikira. Mu 2007 panali LA. Mankhwala onse oyamba amene alipo lero amadalira artemisinin yemweyo.

Chachiwiri ndi ndalama. Gawo lalikulu la LA, tizipangizo toyezera ndi masikito a m'dziko muno lakhala likugulidwa ndi thandizo lakunja, makamaka la Global Fund ndi la boma la America. Mu January 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake lambiri lopita kumayiko ena, ndipo mapulogalamu a zaumoyo mu Africa monse anagwedezeka. Mlangizi wa zaumoyo amalandira malipiro ku boma lathu, koma zimene amagwiritsa ntchito zambiri zimalipiridwa ndi okhometsa misonkho a mayiko ena. Tizipangizo toyezera tikatha, iye alibe njira ina koma kubwerera ku zakale, kukhudza mphumi n'kupereka LA kwa aliyense wotentha thupi, mpaka LA nayenso atatha.